Funso Limene Ndinachotsa mu Pulagini

Ntchitoyi anandipezera ndi alamu anga. Esiteti ya fodya ku Lisasadzi, komwe ndinali kalaliki, itatsekedwa, ndinatsala ndi satifiketi ya Fomu 4, imvi, ndi laputopu yakale yomwe ndinkaphunzirirapo ndekha kulemba mapulogalamu. Alamu anati anzawo ena, a Kamanga, ali ndi kakampani ka anthu anayi pa Boma ndipo akufuna munthu. Ndinapita nditavala tayi. Ndinali ndekha wa tayi.

Kampaniyo inkapangira makalabu a alimi mapulogalamu a pafoni. Pulogalamu iliyonse imayamba ndi mafayilo ambirimbiri ofanana, ndiye m'malo mowalemba pamanja tinali ndi chida chowatulutsa. Chili ngati chikombole cha njerwa: umalemba lamulo limodzi, icho n'kuumba mafoda ndi mafayilo onse. Ine ndinkalemba mapulagini, tizigawo towonjezera pachidacho. Yanga yoyamba inali yotulutsa fomu ya magiredi a fodya. Inkawerenga fayilo ya makonzedwe, kudzaza mipata mu templeti, kenako kulemba zotulukazo mu foda.

"Izichita zimenezo basi, a Mwale," anatero a Kamanga. "Musaonjeze nzeru zanu."

Chidacho chinali ndi khalidwe limodzi londinyansa. Chikapeza fayilo ilipo kale, chinkaima n'kufunsa ngati chilembe pamwamba pake. Poyesa pulagini umabwereza kambirimbiri pa tsiku, batire ikutha, magetsi kulibe, ndiye pa fayilo iliyonse uziyankha kuti inde, inde, inde. Mtima wanga ndi wapachala. Tsiku lina ndinatukwana laputopu n'kulemba mzere umodzi wothimitsa funsolo. Mu foda yanga yoyesera munalibe kanthu kamtengo. Sindinabwezeretse.

Mnzathu wina, Mayi Chirwa, anali atakhala masabata atatu ku kalabu ina ya alimi ku Kaluluma. Ankakhala m'zigafa ndi osankha fodya, kuwafunsa mmene amasiyanitsira tsamba la m'munsi ndi la pamwamba, lofiira ndi lotuwa, n'kumalemba zonsezo mu fayilo ya magiredi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Netiweki kumeneko ndi yosakira pachulu, choncho sanatumize kanthu ku seva, kompyuta yosungira ntchito zathu. Ntchito yonse inali mu laputopu yawo.

Anafika Lolemba m'mawa, kutatsala sabata kuti msika utsegulidwe. A Kamanga anati ayendetse pulagini yanga yatsopano kuti fomu ikhale ndi malo a chithunzi cha belo. Mayi Chirwa analemba lamulo, n'kudina. Sizinatenge nthawi. Fayilo yawo inabwerera kukhala templeti ya mipata yokhayokha.

"A Mwale," anatero motsitsa mawu, "magiredi anga ali kuti?"

Ndinadziwa pompo chimene chachitika. Koma m'malo mogwada ndinakalipa. Ndinati ndani amalemba pamanja mu fayilo yotuluka m'chikombole? Ndinati munthu wanzeru amasunga kope. Ndinamenya tebulo mpaka kapu inagwa.

"Zoona, kope sindinasunge," anayankha. "Koma ngakhale wa kabaza amayamba waliza belu asanagunde munthu."

"Khalani pansi, bambo," anatero a Kamanga.

Tinayesa zonse mpaka madzulo: mafayilo osakhalitsa a pulogalamu yolembera, pulogalamu yofukula zofufutika. Tinapeza mizere isanu ndi iwiri. Kuti Mayi Chirwa abwerere ku Kaluluma kunali kosatheka, osankha aja anali pa kalikiliki wodinda mabelo. Kalabu inapita kumsika ndi mapepala, ndipo chaka chotsatira sinabwerenso kwa ife.

Sanandichotse ntchito ndi kalata ayi. Anangosiya kundipatsa chochita, mpaka ndinasiya kupita ndekha. Pano ndimakonza mafoni pafupi ndi depoti. Amene amandifunsa za mapulagini ndimawauza zomwe ndikudziwa: usayesere mu foda yako yokha, yesera mu foda momwe muli thukuta la munthu wina, ndipo chida chikamafunsa, chisiye chifunse.

Mayi Chirwa amadutsa pa benchi yanga nthawi zina akamakakwera minibasi. Amandipatsa moni bwinobwino. Ine ndimayankha maso ali pa foni yomwe ndikumasula. Pepani sindinanenebe, ndipo chaka chilichonse mawu amenewa akunka nalemera pakamwa panga.