Nambala ya Alamu

Achemwali anga aakulu, mumsewu wathu aliyense amawatcha Amayi a PDF. Kashopu kawo kali pakati pa wometa ndi wokonza mafoni: tebulo limodzi, kompyuta yochedwa kudzuka, ndi pulinta yomwe imagwira ntchito ukaimenya pambali. Munthu akabwera ndi satifiketi yojambulidwa mopendekeka pa foni, iwo amaiwongola, kuisandutsa PDF, n'kuichepetsa kuti itumizike kofunsira ntchito. Zonsezi amachitira pa masamba aulere a pa intaneti, ndipo sabisa. Amati chomwe amalipiritsa n'kuleza mtima kwawo.

Chikalata chilichonse amachisunga pa akaunti yaulere, kuti mwini wake akataya asalire. M'menemo ndi momwe anaikanso zithunzi zonse za mwana wawo wamkazi, yemwe anamwalira asanayambe sukulu.

Tsiku lotsegula akauntiyo foni yawo inali kwa wokonza, ndiye analembetsa nambala ya alamu, n'kulumikiza zonse ku foni ya alamuwo. Mwamuna wako ungamukayikire pa kanthu kotere? Alamuwo, munthu wouma kumaso, anachoka chaka chatha n'kukakwatira kwina, foni ili m'thumba.

Zinkayenda ndithu mpaka kompyuta itapsa. Yatsopano inakana kutsegula akauntiyo popanda manambala otsimikizira, omwe amapita ku foni ija. Ine ndi mtima wanga wapachala ndinawauza kuti atsegule akaunti ina, anthu abweretsenso mapepala awo, kusiyana n'kukagwadira munthu ameneyo.

"Nanga zithunzi za mwana wanga abweretse ndani?" anandifunsa.

Anaimba ndili pomwepo. Anayankha ndi mkazi watsopanoyo, nati foniyo anapatsidwa iyeyo. Achemwali anapempha mwaulemu womwe unandiwawa ine womvera. Mkaziyo anawerenga manambalawo pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana kuwerenga, kenaka anawonjezera mokoma mtima:

"Paja foniyi inkadandaula kuti malo adzaza, ndiye ndinafufuta kalekale zithunzi zakale zija. Koma musadandaule, mayi, mapepala a makasitomala anu sindinakhudze."

Sananame. Masatifiketi a msewu wonse analimo, ngakhale a anthu omwe anasamuka osatsanzika. Achemwali anatsegula foda ya dzina la mwana wawo, anapeza mulibe kanthu, anaitseka, anaitsegulanso. Panja panali bambo wina atanyamula envulopu, akufunsa ngati atsegula.

"Auze alowe," anatero, maso akadali pa fodayo.