Chaka Chimene Atate Anavomera Tsempho

Fungo la masamba a bulugamu owiritsa limandibwezera ku nyengo yachisanu ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 2. Tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Mkanda, kwawo kwa amayi, kumene atate anali mkamwini. Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, mtedza uli m'milu kuminda kudikira kuthothola, ndipo mphepo ya m'mawa inkang'amba milomo ndi zidendene. Fungolo linkatuluka pafupifupi m'nyumba iliyonse, chifukwa khomo lililonse linali ndi mwana wotsokomola.

Chifuwacho chinayambira kusukulu. Tinkakhala pansi mothinana m'kalasi yofolera ndi udzu, mawondo akugundana. Poyamba anadwala ana awiri atatu, kenako mzere wonse. Sichinali chifuwa chimene tinachizolowera. Mwana ankatsokomola mosalekeza mpaka maso kufiira, kenako n'kukoka mpweya ndi kaphokoso konga ka tambala wamng'ono wophunzira kulira, n'kusanza phala lonse. Akuluakulu ankachitchula kuti chifuwa chokoka mtima. Aphunzitsi athu nawonso anagona nacho, moti masiku ena tinkangoimba nyimbo za chipani tokha mpaka nthawi yoweruka.

Tsiku lina aphunzitsi aakulu anatisonkhanitsa pansi pa mbendera. Mawu awo anali atasasa, ankaima kaye kuti atsokomole. "Sukulu tatseka mpaka tidzakuitaneni," anatero. "Aliyense akakhale pakhomo pawo. Mukauze makolo anu kuti khanda likayamba kutsokomola athamangire nalo kuchipatala, asadikire." Ife tinangomva zoti sukulu yatsekedwa, tinabalalika tikukuwa ndi chimwemwe.

Kukhala pakhomo nthawi ya mtedza kunali kosatheka. Ana onse a sukulu tinakumananso pa milu ya mtedza, lero kumunda kwa awa, mawa kwa awo, tikuthothola ndi kutafuna wauwisi mpaka m'mimba kulira. Mtsikana aliyense anali ndi khanda la kwawo kumsana. Ine ndinkabereka mlongo wanga Limbani, amene anali atangoyamba kukhala pansi. Anali wonenepa, wamutu wonunkhira mkaka, ndipo ankakonda kuyamwa mfundo ya nsalu yoberekera.

Atate anali atachoka sabata yomweyo. Ankachita geni ya mtedza. Ankamanga thumba pa njinga, n'kudutsa njira zam'tchire kupita ku Chipata, ku Zambia, kukabwerako ndi sopo, shuga ndi nsalu. Tsiku lobwerera silinkadziwika, chifukwa akapeza ganyu kumeneko ankayamba agwira.

Limbani anayamba ndi chimfine wamba. Kenako chifuwa chinabwera, ndipo pa iye chinali choopsa kuposa pa ife akuluakulufe. Analibe mphamvu yokokera mpweya. Ankatsokomola mpaka milomo kuda, n'kukhala chete, manja ali lende, ife n'kumamuyang'ana osapuma nafenso. Amayi ankamuuzira kumaso, kumugwedeza, mpaka kamawu katuluke. Anawiritsa bulugamu, n'kudzifunditsa naye bulangeti pamwamba pa mphika. Akayamwa ankabweza. Nkhope yake inayamba kutupa, makamaka m'zikope.

Kutupa kumeneko n'kumene kunabweretsa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, amene ankalamula zonse za pabanja pathu. Anamutembenuza mwanayo, kumudina patsaya, n'kupukusa mutu.

"Make Esinati, ili ndi tsempho," anatero, kuwaitana amayi ndi dzina langa. "Amuna akowo kumene aliko sanadzisunge."

Ndinali ndisanamvepo bwino za tsempho, koma ndinazimva tsiku limenelo ndili kuseri kwa chitseko. Ankati kholo likagona ndi munthu wina kunja kwa banja mwana ali wakhanda, mwanayo amatupa ndi kutsokomola. Ankatinso mankhwala ake sagwira ntchito pokhapokha wolakwayo avomere, n'kumwetsa mwanayo ndi dzanja lake. Ndipo choopsa kwambiri, ankati mwana watsempho akabayidwa jakisoni mankhwalawo asanamwe, amafera pomwepo.

Ndinatulukira n'kunena zimene aphunzitsi aakulu anatiuza. Amayi aakulu sanakalipe. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Limbaniyu ali sitandade chani? Chifuwa cha kusukulu chikamupeza bwanji munthu wosadziwa ndi njira yomwe ya kusukuluko?" Amayi anati, "Akulu, bwanji tingopita naye akamuone?" Iwo anati, "Pita. Koma akakamubaya, usadzabwere kuno kudzalira pa ine."

Amayi sanapite. Ankaopa kupita, ankaopanso kukhala. Anatuma uthenga kudzera mwa aliyense wopalasa njinga kulowera kumalire: mukakawaona bambo a Esinati, muwauze mwana wadwala, abwere msanga. Anasiya kuthira mchere m'ndiwo, poti ankati mchere umakulitsa tsempho, ndipo tinkadya nkhwani wozizira mkamwa osadandaula. Mankhwala anali atakonzedwa kale ndi munthu wina wodziwa mitengo, ali m'kachibade pa tsindwi, akudikira dzanja la atate.

Ntchito yanga inali yokhala pa chulu cha m'mbali mwa njira kuyang'ana kumadzulo. Udzu unali utauma, fumbi lofiira likuuluka, ndipo patali pankaoneka utsi wa anthu osaka mbewa. Belu la njinga likalira ndinkaimirira msanga, koma ankakhala munthu wina, wonyamula nkhuku kapena mtolo wa fodya. Kuchokera pachulupo ndinkamva Limbani akutsokomola m'nyumba. Akasiya, ndinkagwira udzu mwamphamvu mpaka nditamumvanso. M'masiku amenewo kunamveka maliro a khanda lina kutsidya kwa dambo, ndipo amayi atamva kulirako anatseka chitseko masana.

Atate anafika dzuwa litapendeka, fumbi lili mpaka m'nsidze. Uthenga unawapeza mochedwa, ndipo anapalasa osaima. Pa kaliyala panali shuga ndi kachipewa kaubweya ka Limbani. Sanakhale n'pansi pomwe. Atangomuona mwanayo anati, "Mberekeni, tizipita kuchipatala."

Amayi aakulu anaima pakhomo. Anthu anali atayamba kale kusonkhana pabwalo. "Alamu, mwanayu sachoka pano musanavomere. Mwamusempha."

"Ine? Sindinachite kanthu, alamu. Mulungu akundiona."

"Ndiye muzimuonerera akufa."

Atate anakana kachiwiri. Nthawi yomweyo Limbani anayamba kutsokomola, n'kukhala chete kwa nthawi yaitali kuposa kale lonse. Amayi anagwada naye pansi akumuuzira. Atate anayang'ana mwanayo, anayang'ana anthu, kenako anavula chipewa.

"Chabwino. Ndavomera. Bweretsani mankhwalawo."

Pabwalo panamveka kung'ung'udza. Atate anamwetsa Limbani ndi dzanja lawo, madontho ambiri akutsikira m'khosi. Kenako anadula zingwe za katundu, shuga n'kugwera pansi, amayi n'kukwera pa kaliyala mwana ali kumsana. Ndinawathamangira mpaka pa chulu chija, fumbi n'kuwabisa.

Anabwerako mawa lake akuyenda pansi, atate akukankha njinga. Amayi anali atamubereka Limbani monga mwa masiku onse, koma nsalu inali itafunda mutu wonse. Anamwino a kuchipatala cha mishoni anayesetsa, koma anati mwanayo anafika atatheratu mphamvu.

Mawu amene atate ananena pabwalo aja sanafafanizike. Pamaliro anthu ankawalozerana ndi milomo. Kuchitsime ankati mkamwini uja wapha mwana wake, wavomera yekha. Mvula isanagwe abale a amayi anawauza kuti atenge njinga yawo azipita. Pochoka anandiitana kuti, "Esinati, bwera undipatse moni." Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Sukulu itatsegulidwa tinapeza mipata m'mizere yathu, ndipo mphunzitsi mmodzi sanabwererenso. Inenso sindinakhalitse, chifukwa amayi anatsala okha ndi munda.

Papita zaka zambiri. Ndinakwatiwa, ndinabereka, ndipo mwana wanga wamkazi woyamba ndinamuika m'manda ali mtsikana wamkulu kale. Anthu atabalalika pamaliropo, amayi, atakalamba, anakhala nane pamphasa. Anandiuza kuti tsiku lija, ali pa njinga, atate anayankhula osacheuka: "Make Esinati, sindinachite. Ndavomera kuti atisiye tidutse." Ndinawafunsa chifukwa chake sanauze anthu. Anati, "Ndinawauza, mwanangu. Anandiyankha kuti munthu wamkulu savomera chimene sanachite."

Ndili mwana ndinkakhulupirira zomwezo. Ndinkaona kuti atate anagwidwa, anachita manyazi, n'chifukwa chake anavula chipewa. Lero ndinakhalapo pambali pa mwana amene mpweya ukumuthera, ndipo ndikudziwa kuti wina akanaima pakhomo n'kundiuza kuti ndivomere ufiti kapena kupha munthu kuti andisiye ndidutse naye, ndikanavomera asanamalize kufunsa. Atate anamwalirira ku Zambia, kumene anakakhala atachoka kwathu. Manda awo sindikuwadziwa, ndipo moni uja sindinawapatse.