Mwendo wa a Chidendene ndi Mlandu wa Impso

Anthu a mumsewu wa kuseri kwa msika ankawatchula kuti a Chidendene, chifukwa nsapato iliyonse ikafika m'manja mwawo ankayamba aitembenuza kaye n'kuona mmene yadyekera kumbuyo. Ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, atakhala pakampando kafupi, mawondo atapinda, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anali munthu woonda, wosadwaladwala. Kuchipatala ankangopitako kokazonda ena.

Tsiku lina nsapato yawo ya kumanzere inayamba kuthina. Anainyowetsa, anailowetsa chikombole, koma m'mawa mwake inathinabe. Akazi awo ndi amene anawapinda buluku n'kuona kuti katumba watupa, akutentha, khungu likuchita kunyezimira.

"Bambo, nsapatoyi musiyeni nayo. Tiyeni kuchipatala."

Kumeneko anawayendetsa kachipangizo kozizira pamwendo, kenako anawatenga magazi. Dokotala, mayi wa magalasi wolankhula mofatsa, anati magazi aundana mumtsempha wa m'katumba. Izo a Chidendene anazimva. Chimene chinawabalalitsa n'chakuti dokotalayo anasiya za mwendo n'kuyamba kufunsa za mkodzo.

"Kodi mkodzo wanu umachita thovu?"

"Adokotala, pepani, mwina zotsatirazo ndi za munthu wina. Ine ndabwera ndi mwendo."

"Ndi zanu zomwe, bambo. Magazi anu akusonyeza kuti impso zayamba kufooka."

"Impso zili kumsana kuno. Mwendo uli pansi apa. Zakumana kuti?"

Dokotala anafotokoza kuti impso zimasefa zinyalala za m'magazi, ndipo zikafooka zinyalalazo zimachuluka, ndiye n'zimene amayeza. Anati anthu a impso zofooka magazi awo sachedwa kuundana m'mitsempha, makamaka ngati amakhalitsa pansi. Kenako ananena chimene chinawamaliziratu: anayeza zinthu ziwiri, china chikuti impso zili bwinoko, china chikuti ayi.

"Ndiye chikunama n'chiti?"

"Palibe chikunama. Choyambacho chimachokera m'minofu. Inu minofu muli nayo yochepa, choncho chimaoneka chotsika ngakhale impso zitatopa. Chachiwiricho sichidalira minofu kwenikweni."

"Ndiye kuti ndikanakhala wonenepa sindikanadwala?"

"Ayi, bambo, si choncho."

"Nanga impsozo n'zimene zaundanitsa magaziwo?"

"Mwina zathandizira. Sitinganene motsimikiza."

A Chidendene anayang'ana akazi awo. Akazi awo anayang'ana pansi.

Kunyumba anapeza alamu awo akudikira. A Chidendene anayesa kufotokoza, koma nkhani inatuluka chafufumimba: kuti impso zatsikira m'mwendo, kuti magazi awo ali pawiri ndipo sakugwirizana. Alamuwo anati mankhwala a impso ndi madzi, azimwa ndowa yathunthu. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe ankamvetsera kuseri kwa mpanda, anati mchimwene wake madokotala anamuletsa madzi ambiri chifukwa cha impso zomwezo. A Chidendene anakhala ndi kapu m'manja, osadziwa ngati amwe kapena athirire maluwa.

"Inu imwani mapilitsi amene akupatsaniwo," anatero akazi awo. "Zamadzizo tikafunsa eni ake."

Mapilitsiwo anali oletsa magazi kuundana, ndipo mlingo wake dokotala anauyeza potengera impso zomwezo. Anawaletsanso timankhwala ta msana timene ankagula pagolosale zaka zonsezi. Chovuta chinali kuntchito. Anawauza kuti asamale ndi zisongole ndi mpeni chifukwa akadzicheka magazi achedwa kuleka, komanso kuti asamakhalitse pansi. Ndiye makasitomala ankawapeza akuyenda uku ndi uku pakhondepo, nsapato ya munthu ili m'manja.

"Mwendo uli bwanji, a Chidendene?"

"Mwendo ukuphwa. Koma akuti wodwala si mwendo."

"Nanga ndani?"

"Ndikamvetsa ndidzakuuzani."

Patapita miyezi anabwereranso kukayezetsa. Dokotala anati zamadzi azingomwa monga mwa ludzu lawo, kenako anaona zotsatira n'kugwedeza mutu.

"Sizinakwere, sizinatsike."

"Ndiye mankhwala sakugwira?"

"Akugwira. Mwendo waphwa. Impsozi sizibwerera mwakale, koma zikaima pamodzimodzi chonchi timasangalala."

A Chidendene anatuluka pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Akazi awo, amene ankadikira pabenchi panja, anaimirira.

"Akuti chiyani?"

"Akuti zaima. Ndipo akuti tisangalale."

Akazi awo anawagwira pamkono, n'kupita nawo kukaima pamzere wa pawindo lolandirira mankhwala.