Nsomba za M'galasi za Alamu Anga

Alamu anga, mwamuna wa mng'ono wanga, anabwerera kuchokera ku Debeni atatha zaka zisanu ndi zinayi akugwira ntchito m'nyumba ya mzungu. Anzawo ankabwera ndi njinga, makina osokera kapena malata. Iwo anabwera ndi jekete lalitali ndi nkhani imodzi yokha: nsomba zam'nyanja yamchere zimene bwana wawo ankaweta m'bokosi lagalasi pabalaza. Ankati nsombazo zinali zachikasu, zina zamizeremizere, ndipo dotolo wake anali iwowo.

Anatsegula tiyirumu pa Namitambo. Ine, pokhala wamasiye, ndinkathandiza mng'ono wangayo kuphika zitumbuwa ndi kutunga madzi. Malonda ankayenda bwino ndithu, koma alamu anati anthu akuno ndi otsalira, afunika kuona zachizungu. Anagula magalasi a mawindo, nawamata ndi phula, n'kuika bokosilo pathebulo pafupi ndi khomo. Linadya ndowa zisanu ndi imodzi, zonse zodutsa pamutu panga. Poti nsomba zachikasu kunalibe, anakavuula timakumba ndi matemba kumtsinje.

Sabata yoyamba anthu ankadzadza. Amayi ochokera kusikelo ankaima ndi ana kumbuyo, kuyang'ana nsomba zomwezo zimene amagula pamsika. Alamu ankaima pambali atavala jekete lija dzuwa lili pamutu, akupopera mpweya m'madzi ndi pampu ya njinga.

Sabata yachiwiri madzi anabiriwira, ndere zinaphimba galasi. Ndinatenga chiguduli kuti ndipukute, iwo anandigwira dzanja.

"Alamu, musavutike. Ku Debeni munthu sapukuta. Muli antchito ake am'madzi momwemo: nkhono zimanyambita galasi, nkhanu zimatola zotsala pansi."

"Nanga antchitowo salakwitsa?" ndinafunsa.

"Inu dziwani za zitumbuwa," anatero.

Mawa lake anabwera ndi chitini cha nkhono zakudambo, nkhanu ziwiri, ndi mlamba umodzi umene anati ndiye kapitawo. Bambo wina wachisilamu, telala wa pakhonde loyandikana nafe, amene ankamwa tiyi kwathu m'mawa uliwonse, ataona mlambawo anasuntha mpando n'kufulatira, poti kwa iye nsomba yopanda mamba inali yodetsedwa. Kuyambira tsikulo tiyi wake tinkamuperekera kukhonde kwake.

Antchito aja anagwiradi ntchito, koma osati imene anawalembera. Kapitawo anameza matemba mmodzimmodzi mpaka kutha. Nkhanu zinkadikira pansi, kamakumba kakatsika n'kukadula chipsepse. Nkhono zokha ndizo zinkayesa, kusiya timizere toyera pagalasi lobiriwira. Pasanathe masiku ambiri, mabala a makumba anamera zoyera ngati thonje, nsomba zikungoyandama chammbali, kukamwa kuli pamwamba.

Tsiku lina m'tiyirumumo munali mlangizi wa zaulimi, munthu wofatsa amene ankaphunzitsa anthu a ku Likoswe kukumba maiwe a nsomba. Anayang'ana m'galasimo nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, chotsani nkhanuzi ndi mlambawu. Nsomba zodwalazi muziike m'beseni lapadera, muthiremo kamchere pang'ono, zikhalemo kanthawi kochepa, muzibwezere m'madzi abwino. Nkhonozinso samalani nazo, zina zimafalitsa likodzo."

Alamu anangomva mawu amodzi, akuti mchere. Nkhope inawala.

"Mwaona? Ndimanena ine. Nsomba za ku Debeni sizidwala chifukwa zimakhala mumchere. Koma inu alangizi, pang'ono n'chiyani? Munayamba mwaiona nyanja yamchere inu?"

Mlangizi anati sanaionepo. Anamaliza tiyi wake n'kunyamuka.

Alamu anatenga mbale yathu yamchere wakukhitchini, naukhuthulira wonse m'madzi. Anavundula ndi mthiko wanga, kulawa ndi chala, kupukusa mutu. Anatuma mkazi wawo kukagula wina. Anathira, kulawa, kuthira, kulawanso, mpaka anati eya, tsopano yafanana ndi ya ku Debeni. Pofuna kuonjezera udotolo, anadonthezamo jivi, mankhwala aja opaka pazilonda, madzi n'kusanduka ngati utoto.

Zoyamba kufa zinali nkhono. Zinagwa pagalasi imodziimodzi ngati mango akupsa. Pofika madzulo makumba onse anali chagada. Mlamba unalimba mpaka mawa lake. Nkhanu imodzi inakwera papaipi ya pampu, n'kutuluka, ndipo tinaipeza pansi pa benchi ikulunjika kukhomo. Ine ndinaitsegulira njira ndi tsache. M'nyumba monsemo inali yokhayo yanzeru.

Alamu anakana kutaya madziwo. Anati mankhwala amafuna masiku atatu, mwina zina zangokomoka. Unali mwezi wa Okutobala. Tsiku lachiwiri fungo linafika kumsewu, ndipo munthu aliyense wolowa ankabwerera pakhomo atagwira mphuno. Tsiku lachitatu iwo anadzuka ndi ulendo wa ku Limbe, akuti kukafunsa za mchere weniweni, poti wakunowu ndi wosakaniza ndi dothi. Amene anatunga madzi owolawo ndi chikho, kukumba dzenje, kukwirira nsomba ndi kutsuka thebulo ndi phulusa tinali ine ndi mng'ono wanga. Iye ankalira chamumtima. Ine ndinkatukwana mokweza, ndipo telala uja ankandivomereza ali pamakina ake.

Patapita miyezi ingapo, kunabwera bambo wina wa ku Kadewere amene anagwira ntchito yophika m'nyumba yomweyo ya ku Debeni. Alamu kunalibe. Ndinamuthirira tiyi n'kumufunsa za udotolo wa nsomba uja. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Mayi, nsombazo ankaziona mzungu wina wobwera ndi galimoto Lachisanu lililonse. Alamu anuwo ankaloledwa kupukuta galasi kunja kokha. Tsiku lina anaviikamo chala, anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito."

Sindinawauze alamu kuti ndamva. Mng'ono wanga anandipempha kuti ndisunge pakamwa, poti mwamuna wochititsidwa manyazi amakathera mkwiyo kunyumba. Ndinasunga zaka zonse zimene iwo anali moyo. Chitatha chaka cha nsombacho anayamba kuweta nkhukundembo, ndipo nditawamva akuuza anthu mmene azungu amazidyetsera, ndinapempha kuti ndibwerere kumunda kwanga kukalima nandolo.