Ndolo ya Khutu Limodzi

Dzulo mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kochapa ali ndi ndolo khutu limodzi, inayo itagwera m'madzi. Iye ankaseka. Ine ndinangokhala pansi.

Tili ana ku Msumba, atate anagulira mkulu wanga ndolo ziwiri zofiira ku Likoma. Singano inasowa, ndiye azakhali anatenga mbedza yakale yadzimbiri, anaiwongola ndi mwala n'kuidutsitsa pamoto pang'ono chabe. Fungo lija la nsomba yopserera likadali m'mphuno mwanga. Anamuboola khutu lamanzere, nasiyamo kaudzu kuti bowo lisatsekeke. Mkulu wanga analira mpaka mawu kusasa.

"Basi, mwanawe," anatero azakhali. "Linalo tidzaboola ili likapola."

Silinapole. Linatupa, mafinya ankadonthera paphewa. Kenako nsagwada zinauma, phala linkangobwerera pa supuni. Bwato litafika naye kuchipatala, adokotala anatiuza kuti ndi kafumbata ndipo tachedwa.

Tsiku la maliro ndinalowa m'nyumba azimayi atamusambitsa kale. Amayi anamuveka ndolo kumanzere pang'onopang'ono, ngati akuopa kumupweteka. Atamutembenuza mutu, anafufuza khutu lamanja ndi zala, nafufuzanso. Linali losalala.

"Alamu, tiboole?" ananong'ona azakhali.

"Mwana wanga musamukhudzenso."

Amayi atatembenuka anandiyang'ana makutu, osati nkhope. Anandiika ndolo inayo m'dzanja n'kupinda zala zanga. Inali yofunda ndi thukuta lawo, ndipo kansonga kake kankandilasa, koma dzanjalo sindinalitsegule.