Mpweya Unalipo, Miyendo Inakana

Ine ntchito yolembedwa ndinaiyamba imvi zili kale mbuu, zidzukulu zikunditcha agogo. Moyo wonse wondidyetsa anali amuna anga, a Mulipa, telala wa pakhonde ku Bangwe kuno. Iwo makina gwedegwede, ine nyimbo pakamwa, nyumba n'kumayenda. Ndiye inabwera sitiroko. Inawagwira mbali ya kumanja, dzanja lende, mwendo lende, pakamwa kupotoka. Mawu onse anathawa, anatsala amodzi okha: "Imbani." Akafuna madzi, imbani. Akamva kuwawa, imbani. Mwana wathu ali ku Joni, zidzukulu zili kwa amayi awo ku Machinjiri. M'nyumba tinatsala awiri, iwo ndi ine, ine ndi iwo.

Mnzanga wa kukwaya ndi amene anandiuza kuti kuseri kwa msika akufuna wosesa ku jimu. Ndinati jimu n'chiyani? Iye anati ndi kumene anthu amalipira kuti atope. Ndinaseka mpaka misozi, koma m'mawa mwake ndinamanga chitenje n'kupita.

Mwini wake tonse tinkangoti a Kochi, bambo wachifuwa ngati chitseko koma mawu ofatsa. Ntchito yanga inali kusesa, kukolopa, kupukuta thukuta pamabenchi ndi nsanza yoviika m'madzi a sopo, kutsegula mawindo kuti fungo lituluke. Holoyo inali ndi mbali ziwiri, ngati m'tchalitchi. Mbali iyi amayi ndi abambo amimba, kudumpha chingwe, kukwera ndi kutsika pakabokosi kathabwa, kupalasa njinga yosapita kulikonse. Izi a Kochi ankati kadiyo. Mbali inayo anyamata a zitsulo: madambelo, paipi yaitali yokhala ndi simenti youmira m'zitini za penti, mabuleki akale a lole.

Mbali ziwirizi sizinkasiyana kunyozana. Anyamata ankakuwa, "Amayi, ngati n'kuvina, bwanji osapita ku chinkhoswe?" Amayi n'kubweza, "Inu mabere akula kuposa athu, koma minibasi ikakusiyani simungaithamangire!"

Tsiku lina magetsi anazima, sipika ya nyimbo zodumphira zii, odumpha aja anaima ngati nkhuku zonyowa. Ine ndinali pakona ndi mopu wanga, ndikung'ung'udza. A Kochi anati, "Agogo, takwezani mawuwo." Eee, mwana wanga, umauza nsomba kuti sambira? Ndinaponya mopu, ndinawomba m'manja, ndinapeka pomwepo: kweza mwendo, tsitsa mwendo, mimba pita kwanu! Amayi onse n'kuvomera, pita kwanu! Kuyambira pamenepo magetsi akathawa, sipika ndinali ine. Ndipo ine sinditha kuimba nditaima chilili. Pakamwa pakayamba, mapazi amatsatira. Ndinkadumpha nawo, ndinkatuluka nawo thukuta. Mpweya wanga unatalika. Chitunda chopita kwathu, chimene kale ndinkapumira panjira, tsopano ndinkachikwera ndikuimba.

Koma kunyumba nyimbo inali ina. Munthu wakufa mbali imodzi amafuna kudzutsidwa pabedi, kukhazikidwa pampando, kusambitsidwa, kubwezedwa. A Mulipa si aang'ono. Wondithandiza anali bambo woyandikana nafe, ndiye anasamuka. Ine ndekha ndinkangowakoka, kuwagubuduza, kuwapukuta ali chigonere. Kumsana kwawo kunayamba tizilonda.

Mlongo wawo, alamu anga a Esinati a ku Phalombe, anamva. Anaimba foni. "Alamu, mlongo wanga asawolere pabedi m'tauni. Kuno ndili ndi ana aamuna. Ndibwera Loweruka lina ndidzaone ndekha. Mukalephera kumukhazika pampando, ndimutenga." Kwathu kuno mwamuna akadwala, a kuchikazi kwawo ali ndi mawu, sungawatsekere chitseko. Ndipo kumeneko ndi pamudzi pa alongo awo, ine malo anga kulibe. Akawatenga, ndiye kuti andichotsera.

A Kochi anali ndi funso limodzi kwa aliyense wobwera kumene: mukufuna chiyani? Wina ati mimba ichoke, wina ati bipi itsike, wina ati mikono ikule atsikana aziona. Ine ndinati, "A Kochi, nanenso ndifunseni." Anandifunsa. Ndinati, "Ndikufuna kunyamula mwamuna wanga." Anyamata a zitsulo anaseka chikhakhali. A Kochi sanaseke.

Anati, "Agogo, kudumpha kumalimbitsa mtima, kumatalikitsa mpweya. Koma munthu sanyamulidwa ndi mpweya. Pamafunika ntchafu, msana ndi mikono, ndipo zimenezo zili mbali iyo. Zimabwera mochedwa, makamaka pa msinkhu wanuwu. Zimafunanso kudya ndi kupuma."

Ndinawoloka, ine gogo, kupita mbali ya anyamata. Anandiyambitsa ndi mpando: khala, dzuka, khala, dzuka, osagwira pena paliponse. Kenako chigubu cha madzi pachifuwa. Kenako thumba la mchenga. Malamulo ake ndinawasandutsa nyimbo kuti ndisaiwale: mapazi patalipatali, msana chilili, pinda mawondo, katundu pachifuwa, kankha pansi ndi zidendene, tulutsa mpweya podzuka. Anyamata aja anasiya kuseka, anayamba kundiwerengera. A Kochi ankati ndizidya nyemba, usipa, mazira. Nyemba ndinkadya. Mazira akapezeka anali a wodwala. Anandipatsanso chenjezo: "Tsiku loti munyamule cholemera, musayambe n'kudumpha. Miyendo yotopa imanama, imati ndilipo pomwe palibe."

M'mawa wina zinatheka! Ndinawakumbatira a Mulipa m'khwapa, ndinapinda mawondo, ndinakankha pansi, ndipo hii, ali pampando! Ndinalulutira, ndinavina kuzungulira mpandowo. Iwo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, anati, "Imbani." Masiku ena zinkatheka, masiku ena zinkakana. Koma m'mawa, miyendo ili yatsopano, zinkatheka.

Loweruka la alamu linagundana ndi tsiku lalikulu la ku jimu. A Kochi anali ataitana amayi a m'maofesi a ku Limbe kuti adzadumphe kwathu, aone ngati angalembetse. Ine ndinati ndikangosesa m'mamawa n'kubwerera. Ndikumaliza kukolopa, magetsi thi. Jenereta yobwereka inatsokomola n'kufa. Holo yodzaza, amayi a nsapato zoyera ayamba kuyang'ana kukhomo.

A Kochi anabwera pafupi, maso pansi. "Agogo, za lero ndikuzidziwa. Koma awa akatuluka, jimu ino ndikutseka, ine ndi inu tonse tikhala pakhomo. Imbani mutakhala pansi. Nawu mpando."

Ndinakhala. Ndinayamba. Koma nyimbo yokhala pansi inatuluka ngati ya pamaliro, amayi aja mapazi sakunyamuka. Ndinangoona ndaimirira. Kweza mwendo, tsitsa mwendo! Holo yonse, pita kwanu! Malata ananjenjemera, anthu a mumsika anadzaza m'mawindo, anyamata a zitsulo anasiya zitsulo n'kulowa m'bwalo. Gulu loyamba linatha, lachiwiri linalowa. Ndinaimba, ndinadumpha, ndinakwera pakabokosi, ndinatsika. Sindinaimbepo chonchija, ngakhale pa ukwati wanga. Dzuwa lili paliwombo ndi pamene ndinamasuka.

Ndinathamanga chitunda chonse osaima. Mpweya unalipo, mpweya unalipo wambiri! Pakhomo ndinapeza galimoto yahayala, alamu akhala pakhonde ndi ana awo awiri. Tinapatsana moni, tinafunsana za kumudzi. Kenako alamu anati, "Tiyeni m'nyumba, alamu, mutionetse."

A Mulipa anali pabedi, maso ali pa ine. Ndinakokera mpando pafupi. Mapazi patalipatali. Msana chilili. Ndinawakumbatira, ndinapinda mawondo, ndinakankha pansi. Anadzuka, anafika pakati, mpando uli apa, apa pomwepa. Ndiye ntchafu zanga zinayamba kugwedezeka ngati makina awo osokera aja. Ndinaziuza kuti limbani, zinati taimba kale. Mawondo anapindika okha. Tinagwa tonse awiri, ine pansi, iwo pamwamba, mutu wawo pachifuwa panga.

Palibe anakalipa. Bola akanakalipa. Alamu anangogwada n'kundigwira phewa. "Mwayesetsa, alamu. Si mlandu." Ndinati dikirani mawa m'mawa, m'mawa zimatheka. Anati, "Nanga masana azikhala bwanji?"

Ana a alamu anawanyamula a Mulipa ngati mwana wakhanda. Ine ndinalongedza bulangeti, mankhwala, malaya awo a kutchalitchi. Atawakhazika m'galimoto anandiyang'ana pawindo, pakamwa pakuvutika, pakuvutika, mpaka anatulutsa: "Imbani."

Ndinaimba. Galimoto inanyamuka pang'onopang'ono chifukwa cha maenje, ine pambali pake, dzanja pawindo. Inatsika chitunda, ine nayo. Inadutsa pamsika, ine nayo, ndikuimba, anthu akundiona ngati wamisala. Miyendo yokana kunyamula ija kuthamanga sinakane. Ndinafika nayo mpaka pa msewu wa tala, pamenepo inathamanga kundiposa. Ndinaima. Sindinali wefuwefu ngakhale pang'ono.

Jimu sinatsekedwe. Amayi a ku Limbe analembetsa, mpaka lero amafunsa kuti magetsi azima liti. A Kochi anandipepesa, ndinati musadandaule, pampando munandikhazika ndinu, anadzuka ndine. Ntchito ndikugwirabe. Thumba la mchenga ndimanyamulabe, tsopano lalikulupo, ngakhale kunyumba kulibe womunyamula. Alamu akaimba foni amaiyika pakhutu pa a Mulipa, ine n'kumaimba. Alamu amati mawu amodzi aja a Mulipa anasiya kuwatchula. Amuna angawo kuno sabwereranso, ndikudziwa.

Obwera kumene amandipeza ndi mopu n'kundifunsa, "Agogo, chabwino n'chiti, kudumpha kapena zitsulo?" Ine ndimati zonse n'zabwino, mwana wanga, koma sizigwirirana ntchito. Kudumpha kudzakuthandiza kuthamangira chimene chikupita. Zitsulo zidzakuthandiza kugwira chimene sukufuna chipite. Yamba wadziwa chako, ndipo uyambe msanga, imvi zisanabwere. Ndikatero ndimatola mopu wanga n'kupitiriza kukolopa, khutu lili ku sipika, kudikira kuti izime.