Ndinanyamula Mwana wa Eni pa Sitima

Tsiku limene ndinavomera kupita ku Perth sindinayankhule zambiri. Ndinangogwedeza mutu. Bambo a Yankho anali atapeza ntchito yowotcherera zitsulo ku migodi ya ku Australia, ndipo mapepala awo ndi anga anatuluka limodzi. A mwana wathu ndiwo anakanika. Yankho anabadwira pakhomo, kwathu ku Mitundu, mvula itadula njira ya kuchipatala, choncho analibe chiphaso chobadwira, ndipo popanda chiphasocho pasipoti sinkatheka. Achibale anakhala pansi n'kugwirizana kuti ine nditsogole ndi bambo, mwana atsale ndi akulu anga a Feliya, ndipo alamu anga aziyendetsa za mapepala. Anati ndi nkhani ya miyezi itatu basi. Mumtima ndinkakana, koma ndinakula wamanyazi, komanso sukulu ndinalekezera sitandade 5, ndiye zamapepala ndinkaziona ngati za anthu ena. Yankho anali ndi chaka chimodzi ndi theka. Ndinamusiyitsa bere sabata yomwe ndinanyamuka.

Miyezi itatu ija inasanduka zaka ziwiri.

Tinkakhala ku Rockingham, kumwera kwa mzinda. Bambo ankakwera ndege kupita ku mgodi, kukhala komweko masabata awiri, kubwera sabata imodzi atatopa, n'kubwereranso. Ndalama sinali vuto, ndisaname. Tinkatumiza mwezi uliwonse, ndipo akulu anga anafolera nyumba ndi malata. Koma m'nyumba mwathu munkamveka filiji yokha. Lamlungu lililonse ndinkagula kadi yoimbira foni. A Feliya ankaika foni pakhutu la mwana, ine n'kumangomva kupuma kwake. Atayamba kuyankhula, mawu oyamba amene anandiuza anali akuti, "Halo anti." Akulu anga anaseka, akuti ndisadandaule, aliyense wa pafoni amamutcha anti. Nanenso ndinaseka. Nditadula foni ndinakhala pansi m'khitchini nthawi yaitali. Alamu anga ndikawafunsa za chiphaso ankati zili mkati, ine n'kuthokoza.

Ntchito anandipezera ndi namwino wina wa kwathu amene tinkapemphera naye. Inali yosamalira a Doreen, mayi wachikulire wamasiye amene chiuno chinkawavuta. Ndinkawasambitsa, kuwaphikira ndi kuwakankha pa chikuku chawo. Anali olongolola, odandaula ndi chilichonse, kuyambira tiyi mpaka nyengo, ndipo ankati amandikonda chifukwa sindiwadula mawu. Sindinawauze kuti ndili ndi mwana. Sanandifunse, ndipo ine sindinkadziwa poyambira.

Chimene ankachikonda pa moyo wawo chinali kuyenda pa sitima zikuluzikulu za pamadzi. Chaka chachiwiri anagula malo awiri pa ulendo wa mwezi wathunthu wozungulira dziko lonse la Australia, wonyamukira ku Fremantle, ndipo anati ndipite nawo. Anasankha dala ulendo wautali, sukulu zili mkati. Akuti maulendo aafupi a patchuthi amadzaza ana, othamanga m'makonde, odina mabatani onse a lifiti, osandutsa dziwe losambira kukhala msuzi. Wautaliwu, akuti, tikapuma.

Sitinapume ayi. Sitimayo inali ngati tauni yoimika chilili, ndipo anthu ake pafupifupi onse anali a imvi. Munthu wokalamba sathamanga, koma amatenga malo. Wina ndodo, wina chitsulo choyendera, wina chikuku ngati cha a Doreen. Mu lifiti munkalowa zikuku ziwiri zokha, ndiye tinkaima pakhomo pake, ikatseguka yodzaza, itsekeke, tidikire ina. Onse ankadzuka nthawi imodzi, kumva njala nthawi imodzi, kufuna mpando wa pawindo nthawi imodzi. Pofika m'mawa mipando yonse yamthunzi inali itaikidwa kale mabuku ndi zipewa. Koma dziwe losambira linkangokhala phee, ndipo chipinda cha ana, chojambulidwa nsomba kukhoma, chinkakhala chotseka nthawi zambiri. Kwathu malo akadzaza umamva ndi makutu. Pa sitimapo ndinkamva ndi miyendo yokha. Anthu onsewo, koma phokoso lake linali la masupuni ndi kutsokomola. Ana amene ndinawaona ulendo wonsewo sankakwana zala za dzanja limodzi, ndipo aliyense ndinkamutsata ndi maso mpaka akhote.

Sabata yachiwiri, nthawi ya chakudya chamasana, tinali pamzere wautali. Patsogolo pathu panali mayi wachitsikana, wamsinkhu wangawu, ali ndi mwana wa chaka chimodzi m'kangolo kokankha. Mwanayo ankalira mpaka nkhope kufiira, akudzipinda msana. Mayiyo anamugwedeza, kumupatsa botolo, osatheka. Okalamba ankangotembenuka, ena kugwedeza mitu, wina mpaka anatseka khutu ndi chala. Palibe anatambasula dzanja. Kenaka mayi uja anasiya kangoloko pambali n'kupita kukatenga mbale.

Sindinaganize chilichonse. Manja anapita okha. Ndinamasula lamba, kumunyamula mwanayo, kutenga chitenje chimene ndinkafunditsa miyendo ya a Doreen, kuwerama, kumuponya kumbuyo n'kumanga. Ndinasendera chakuwindo ndikudzigwedeza pang'onopang'ono. Sanachedwe kutonthola. Ndinamva kamutu kake katsamira pakati pa mapewa anga, kotentha, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kumene ndinali.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi kukuwa. Mayi uja anabwerera n'kupeza kangolo kopanda kanthu. Mbale inagwa. Ankathamanga uku ndi uku akuitana dzina la mwana, ndipo anandidutsa kawiri osamuona, poti sankaganiza zoyang'ana pamsana pa munthu. Ine Chingelezi chonse chinandithawa. Ndinangoima ndi kuloza kumbuyo kwanga. Alonda a sitima atafika anamumasula mwanayo, iye n'kuyambiranso kulira.

Ananditengera m'kachipinda ka ofesi. Mkulu wa alonda, wovala zoyera, anayankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati kutenga mwana wa munthu popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, ndipo ngati mayiyo afuna, anditsitsa padoko lotsatira n'kundipereka kwa apolisi. Nditamva za apolisi ndinaganiza za Yankho. Bambo ake ankanena kawirikawiri kuti dzina likangolembedwa kupolisi, viza ya mwana iiwalike. Ndinaona kuti mwana wanga ndamutaya ndi manja anga omwe.

A Doreen anafika akudzikankha okha, chinthu chimene ankati sangathe. Anagunda chitseko ndi chikuku. Anauza mkuluyo kuti mtsikanayu amawasambitsa tsiku ndi tsiku mphete zawo zili pa sinki ndipo sipanasowepo kanthu. Anamufunsanso kuti munthu woba mwana pakati pa nyanja angathawire naye kuti, kapena asambira naye? Mkuluyo sanaseke. Anati akufuna kumva kwa ine.

Mawu anatuluka odukaduka, koma anatuluka.

"Ankalira," ndinatero. "Kwathu mwana akalira, amene ali pafupi amanyamula. Sitifunsa. Wanga ali kwathu. Zaka ziwiri sindinamugwire."

Mayi wa mwana uja anali atakhala pakona, mwana atamukumbatira zolimba. Anandifunsa kuti wanga ali ndi zaka zingati. Ndinamuuza. Anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Mukanangondifunsa. Ndikanakupatsani ndi manja awiri. Ndatopa, sindinagone bwino chikwerereni sitimayi. Koma mukanandifunsa."

Anauza mkuluyo kuti nkhaniyo ithere pomwepo. Mkuluyo anandichenjeza n'kundimasula.

Pobwerera ndinawakankha a Doreen mpaka pa lifiti. Tili pamzere anati, "Chaka chathunthu ukundimvetsera ndikudandaula za tiyi, iwe uli ndi mwana kutsidya kwa nyanja?" Anafunsa chimene ndikudikira. Ndinati mapepala. Anafunsa amene akuyendetsa. Ndinati alamu anga. Anandiyang'ana ngati ndathira mchere mu tiyi wawo. "Mwana ndi wa alamu akowo?"

Masiku otsalawo mayi uja ankabwera ndi mwana wake masana aliwonse pamene tinkakhala. Ndinamuphunzitsa kubereka ndi thaulo la pa sitima, ndipo ankaopa kuti mwana agwa mpaka anazolowera. Koma chimene chinkandiseketsa ndi ichi: asanandipatse mwanayo ankayamba wamufunsa mwiniwake ngati akufuna kubwera kwa ine, n'kudikira mpaka atambasule timanja. Kufunsa khanda! Tsiku lina khandalo linakana, ndipo sanandipatse. Okalamba aja, amene analipira ndalama zambiri kuthawa ana, anayamba kuzungulira pamalo pathu, aliyense kufuna kugwira kaphazi. A Doreen ankadandaula kuti tawabweretsera chigulu, koma sokosi ya mwanayo ikagwa ankaisunga m'manja osafuna kubweza.

Bambo a Yankho atabwera kuchokera ku mgodi ndinawauza kuti ndikupita kumudzi kukatenga mwana. Sindinapemphe, ndinawauza. Anadabwa, n'kufunsa ngati ndikatha kuyankhula m'maofesi ndekha. Ndinati ndinayankhula kale pamaso pa mzungu wa yunifolomu ndipo sindinafe. Anaseka, kenaka anasiya kuseka, n'kupita kukafufuza za tikiti.

Ku Lilongwe ndinakwera minibasi ya ku Mitundu. Tinapanikizana anayi pampando wa atatu, thumba la ufa pamapazi, nkhuku pansi pa mpando. Ndisanakhazikike n'komwe, mayi wina amene ankakwera anandiika mwana wake pamiyendo osandiyang'ana nkhope, n'kutembenuka kukakangana ndi kondakitala za katundu. Ndinamugwira mwanayo ndipo misozi inangoyamba kutsika. Mayiyo atakhala pansi anandifunsa ngati ndikupita kumaliro.

Pakhomo panadzaza anthu. Ana okhaokha anali ambiri kuposa amene ndinawaona zaka ziwiri ku Rockingham. Pakati pawo panali kamtsikana kakatali, kometa, kovala diresi imene ndinatumiza, katagwira chitenje cha a Feliya. Amayi onse anayamba kumukankha, pita kwa amako, si awo amako abwera pa ndege. Yankho anakuwa n'kubisa nkhope. Akulu anga anamunyamula kuti andipatse ndipo anati, "Ingomugwira iwe, alira asiya."

Manja anga anali atanyamuka kale. Zaka ziwiri ndinkalota mphindi imeneyo. Koma ndinaona mmene zala zake zinakanirira pa bulauzi ya akulu anga, ndipo ndinabweza manja.

"Musiyeni," ndinatero. "Abwera yekha."

Anthu anaseka kuti make Yankho wabwerako ndi chizungu. Ndinawasiya aseke.

Masabata otsatirawo ndinayenda ndekha. Ndinatenga kalata kwa amfumu, ndinapita ndi azamba amene anandichiritsa kuti akachitire umboni, ndinakhala pa mabenchi a kuboma kuyambira m'mawa, ndipo akandiuza kuti ndibwere mawa ndinkabweradi mawa. Zimene alamu anga ankati zili mkati zinali zisanayambike n'komwe. Sindinakangane nawo. Chiphaso chinatuluka.

Pakhomo ndinkamuyang'ana mwana wanga. M'mawa ankadya phala kwa a Feliya, masana ndimupeze pamsana pa mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, madzulo akusambitsidwa ndi azakhali ake. Akagwa, amene ali pafupi ankamudzutsa. Ku Rockingham ndinkamuganizira ngati mwana wosowa mayi. Sanasowe. Wosowa ndinali ine. Zinandipweteka, komanso zinandimasula. Tsiku lililonse ndinkanjuta patsogolo pake n'kumufunsa, "Yankho, ndikubereke?" Ankapukusa mutu n'kuthawa. Kenaka anayamba kupukusa mutu osathawa.

Tsiku lokajambulitsa chithunzi cha pasipoti tinanyamuka atatu, ine, iye ndi a Feliya. Kuchokera kwathu kukafika pa siteji ndi kamtunda, ndipo dzuwa linali litakwera. Pakati panjira Yankho anaima n'kukweza manja kwa a Feliya. Akulu anga anagwira m'chiuno n'kunena kuti msana ukuwapweteka lero, sangathe. Ankanama, ndinawaona m'maso. Anapitiriza kuyenda osacheuka.

Ndinanjuta, kumupatsa msana, n'kufunsa ngati masiku onse. Ndinadikira, mawondo akuwawa. Kenaka ndinamva timanja pamapewa.

Anali wolemera, miyendo ikulendewera mpaka m'ntchafu mwanga, chitenje chosakwana bwino. Titayandikira msewu anayankhulira m'khosi mwanga.

"Anti, kwanuko kuli ana?"

"Alipo, koma ochepa."

"Ndiye ndizikasewera ndi ndani?"

"Poyamba ndi ine. Enawo tikawafunafuna limodzi."

Minibasi inafika yodzaza kale. Ndisanamalize kumasula chitenje, kondakitala anamunyamula n'kumudutsitsa pamwamba pa mitu ya anthu mpaka pamiyendo ya bambo wina kumpando wakumbuyo. Palibe anafunsa, ndipo Yankho sanadabwe, anangokhazikika ngati ndi pampando pake. Ine ndinapanikizika pafupi ndi chitseko, a Feliya kutsogolo. Galimoto itanyamuka ndinamuona akusuzumira pakati pa mapewa a anthu, akufunafuna. Maso ake anafika pa a Feliya n'kudutsa. Anaima pa ine.